Ludzu la Mbawa ya a Levulo

Moni nonse amene mwapatula kanthawi kuti mukhale nane lero. Ndiyambe ndi kuyamika Mwini moyo amene watidzutsa tili ndi mpweya m'chifuwa, pakuti kuonana kwathuku si nzeru zathu ayi, ndi chisomo basi. Zikomonso inu chifukwa chotchera khutu. Khalani bwinobwino, ndikusimbireni za mmisiri wina ndi mtengo umene ankaukonda.

A Levulo ndi akazi awo anali ndi golosale m'mbali mwa msewu wodutsa mabasi, ndipo kutsogolo kwa golosaleyo kunali mtengo wa mbawa. Dzina loti Levulo linachokera ku ntchito. Bambowa anali mmisiri womanga nyumba, ndipo sankakhulupirira diso la munthu aliyense, ngakhale lawo lomwe. Khoma liwongoke chotani, iwo ankasolola levulo yawo yachikasu, n'kuisanjika, n'kudikira kuti kathovu kaja kakhazikike pakati. Kutchalitchi, kumene ankaimba besi m'kwaya, anzawo ankatsinana akawaona akuyang'ana guwa atapendeketsa mutu.

Mtengowo sunali wawo. Unali wa khonsolo ya mzinda, monga mitengo yonse ya m'mbali mwa misewu. Inzake imene inabzalidwa nawo limodzi inatha kalekale. Ina inagundidwa ndi magalimoto, ina inadulidwa pokuza mageti, ina inangouma chifukwa chosowa woiyang'ana. Mbawa iyi yokha ndiyo inapulumuka, chifukwa idakali yofika m'chiuno a Levulo anaitchingira ndi njerwa zotsala kuntchito, ndipo akazi awo ankaithirira madzi otsukira mbale. Inakula mpaka nthambi zake zinafika pakati pa msewu. Odikira basi ankausa pamenepo, ndipo wosoka nsapato wina, amene aliyense ankamutchula kuti Chidendene, anakhazika bokosi lake pansi pake n'kukhala ngati mmodzi wa pabanja.

Vuto linali matope. Mvula ikagwa, pansi pa mtengo pankasanduka chithaphwi, ndipo ogula ankalowa ndi matopewo mpaka pakauntala. Akazi awo atatopa ndi kukolopa, a Levulo anati, "Mayi, lekani kudandaula. Munakwatiwa ndi mmisiri." Anathira simenti kuchokera pakhonde la golosale mpaka m'mphepete mwa msewu, wosalala ngati mbale yadothi. Kuzungulira thunthu la mtengo anamanga benchi logundana ndi khungwa, losasiya mpata ngakhale wolowa chala, kuti zinyalala zisamagweremo. Aliyense wodutsa ankaima n'kuyamikira.

Imeneyo inali ntchito yawo yomaliza. Chaka chomwecho matenda ofa ziwalo anawagwetsa ali pantchito, ndipo ngakhale Ambuye anawadzutsa, dzanja lamanja linatsala lofooka ngati nsanza yonyowa. Nyumba zimene anamanga pa moyo wawo zinali za eni ake, zobisika kuseri kwa mipanda ndi agalu. Benchi lokhalo ndilo ankatha kuligwira. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi ndodo n'kukhala pamenepo, dzanja lodwala lija atalitsamiritsa pa simenti wozizira. Mlendo akati, "Koma amene anamanga apa ankadziwa ntchito," iwo ankayang'ana kumbali ngati sanamve, koma m'kati mtima ukuvina.

Zaka zinapitapo, kenako mbawa inayamba kusintha. Masamba ankabwera aang'onoang'ono, achikasu, ndipo kunsonga kunaoneka nthambi zotuwa zopanda kanthu. Mthunzi umene kale unali wogwirana unayamba kubooka ngati bulangete lakale. A Levulo ankati ndi chilimwe chabe, mvula ikadzabwera zonse zidzakhala bwino.

Tsiku lina masana, popanda ndi kamphepo komwe, nthambi youma inathyoka n'kugwera pa bokosi la Chidendene. Misomali, ulusi ndi zitini za polishi zinamwazikana mpaka pamsewu. Mayi wina amene ankadikira basi atabereka mwana anakuwa n'kuthawira m'golosale.

Chidendene anadzuka pang'onopang'ono, nsapato ya kasitomala idakali m'manja.

"Madala, mtengo wanuwu ndaulakwira chiyani?" anafunsa. "Ine sindinaubayepo ndi singano."

"Wakuphonya dala," anayankha a Levulo. "Ukanafuna ukanakupeza. Mutu wakowo ndi waukulu, suphonyeka."

"Sekani, sekani. Mawa ukagwera mwana wa mwini tidzaona ngati mano amenewo adzatuluke."

A Levulo anadzuka pabenchi. Anaigunda nthambi ija ndi ndodo yawo. Inali yopepuka, youma mpaka m'kati.

Nkhani inafika ku khonsolo, ndipo pasanapite nthawi lole ya anthu osamalira mitengo inaima kutsogolo kwa golosale. Anatsika kapitawo atanyamula chitini cha penti wofiira, wolembera mitengo yoyenera kudulidwa, ndipo antchito ake anatsatira. Mmodzi mwa antchitowo anali mkamwini wa a Levulo, mwamuna wa mwana wawo wamkazi, munthu wofatsa amene ntchito yake inali kukwera m'mitengo ndi zingwe kukadula nthambi. A Levulo ankamukonda, ngakhale sankatopa kumuseka kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mbalame.

Kapitawo anazungulira mtengo, anagogoda thunthu ndi chibakera, anakweza maso kunsonga, n'kuyamba kutsegula chitini.

"Uwu watha," anatero. "Tiulembe, tidzaugwetse usanaphe munthu."

A Levulo anayang'anitsitsa chitinicho. Kenako anaona mkamwini wawo akukokera kapitawo pambali. Anayankhulana nthawi yaitali, mkamwini akuloza pansi, kapitawo akupukusa mutu. Zinawakumbutsa fanizo lija la wantchito wa m'munda amene anachonderera mbuye wake kuti auleke kaye mtengo wosabala, aukumbire m'mbali, mwina n'kusintha. Potsiriza kapitawo anatseka chitini n'kubwera pomwe iwo anakhala.

"Bambo, mwana wanuyu wandigwira mwendo. Lero tingodula nthambi zouma. Koma mvula ikakhazikika tidzabweranso, ndipo tikadzapeza zinthu zili momwemu, mtengowu ukupita. Zotsalazo akuuzani yekha."

Mkamwini sanawauze tsiku limenelo. Anakwera, anadula zouma, anatsika, anatsanzika mwachangu, n'kudumphira m'lole ngati wothawa njuchi. Anabwera Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, jekete ili m'thupi, n'kukhala m'chipinda chochezera kuseri kwa golosale. Apongozi ake aakazi anamupatsa tiyi. Iye anangoti kutakasa, kutakasa, osamwa.

"Mkamwini, kapu imeneyo ibooka," anatero a Levulo. "Nenani chimene mwadzera."

"Bambo, mundikhululukire. Mtengo uja si wokalamba, ndipo ulibe matenda."

"Nanga?"

"Ukutsamwa, bambo. Thunthu lanenepa, ndiye benchi lauluma m'chiuno. Komanso mizu yonse ili pansi pa simenti. Sikupuma, sikumwa."

"Ndiye mukuti titani?"

Mkamwini anaika supuni pansi. "Simenti uja atachoka kuzungulira mtengo, ndi benchi lomwe, mwina ungachire. Sindikulonjeza ayi. Koma akapanda kuchoka, ndiye palibe chiyembekezo."

A Levulo anakankhira kapu yawo patali.

"Iwe," anatero a Levulo motsitsa mawu, ulemu wa masiku onse atauika pambali, "ine ndinayamba kuponda simenti iwe usanamere mano. Pita ukaone panja apo. Zaka zonsezi, malole kuima pamenepo, dzuwa, mvula, kodi pali mng'alu ngakhale umodzi?"

"Palibe, bambo. Vuto lake n'lomwelo."

"Ndinakupatsa mwana wanga, sindinadandaule. Lero ukufuna ndi benchi lomwe?"

Mkamwini anawerama. Anamwa tiyi wozizira uja kamodzi n'kamodzi kuti asanyoze apongozi ake, anapempha njira, n'kumapita.

Akazi awo anatolera makapu mwakachetechete, koma atafika pakhomo anatembenuka.

"Bambo, mwanayu wabwera mwaulemu."

"Ulemu wogumula."

"Akanakhala wina akanangogwetsa mtengo n'kumapita, inu n'kutsala ndi benchi lanu padzuwa. Muzidzakhalapo ndi ambulera?"

"Si inu nomwe munkalira matope?"

"Ndinkalira, inde, ndipo munandipukuta misozi bwino lomwe. Koma kukolopa ndimatha. Chimene sindingathenso pa msinkhu uno ndi kulera mbawa ina mpaka itipatse mthunzi."

A Levulo anayang'ana dzanja lawo lamanja, limene linali pabondo ngati la munthu wina.

"Simukumvetsa, mayi," anatero. "Benchi lija likachoka, changa chotsala n'chiyani?"



"Ine ndilipo," anatero mayiwo mofatsa, n'kulowa kukhitchini.

Masiku otsatira a Levulo anaupempherera mtengowo. M'mawa uliwonse akamatchula odwala a mumpingo, ankatchulanso mbawa, osachita manyazi, poti Iye amene amasamala za mbalame sangaiwale pogona pake. Koma pemphero lawo linali ndi mpanda: Ambuye achiritse mtengo, benchi asalikhudze. Ife anthu timatero kawirikawiri. Timaitana Sing'anga wamkulu, koma asanalowe m'nyumba timamuuziratu malo amene sayenera kugwira.

Anayesanso mankhwala a amisiri. Anasungunula laimu m'ndowa, ndipo ndi dzanja lamanzere anapaka thunthu lonse mpaka pomwe akanatha kufika, akuti mwina ndi chiswe. Mtengo unayera mbee. Masamba anapitiriza kuyoyoka.

Chidendene anali atasamukira tsidya lina la msewu, pakhonde la sitolo ya mankhwala, koma pakamwa pake sipanasamuke.

"Madala!" anakuwa basi itadutsa. "Wodwala mwamuveka diresi la ukwati? Mkwati ndi ndani?"

"Soka nsapato, iwe. Za mitengo uzidziwira kuti?"

"Za mitengo sindidziwa. Koma kuno kwathu nsapato ikamuluma munthu, sitidula phazi ayi. Timamasula nsapato."

"Ndiye chifukwa chake nsapato zako zimavuka munthu akuthamangira basi."

Anthu anaseka, ndipo a Levulo anaseka nawo, koma atakhala okha mawu aja anawatsalira ngati kamwala m'sokosi. Odikira basi nawo anali atayamba kuima patali, akuyang'ana m'mwamba mokayika. Benchi limene linkadzaza kuyambira m'mawa tsopano linali ndi munthu mmodzi yekha. Iwo ankangodzilimbitsa mtima kuti mvula ili pafupi.

Ndipo mvula inabweradi. Tsiku lina masana mitambo inasonkhana, mphepo inanyamula mapepala ndi fumbi la mumsewu, fungo la dothi lonyowa linafika madontho asanafike. Ogulitsa m'mbali mwa msewu anakwatula katundu wawo. A Levulo anakwera pakhonde n'kutsamira chipilala.

"Bambo, lowani, mudwala," akazi awo anaitana ali pakauntala.

"Ndilekeni ndione mtengo wanga ukumwa."

Inagwa mvula yeniyeni, yosokosa pamalata mpaka munthu osamva mnzake. Madzi anakhuthuka kuchokera padenga la golosale, anatsetsereka m'nthambi za mbawa, anagwera pa simenti. Ndipo simenti uja anachita ndendende zimene mwini wake anamulamula. A Levulo anali atamupendeketsa mwaluso, ndi chingwe ndi levulo, kuti dontho lililonse lizilowera kumsewu. Madzi anayenda ngati nsalu yoyalidwa, osaima paliponse, osasiya chithaphwi ngakhale cha kukula kwa chikhatho, n'kukagwera m'ngalande.

Poyamba anamwetulira. Mmisiri aliyense akanamwetulira. Tsidya lina, pakhonde pomwe Chidendene anabisala, panali simenti wa mmisiri wina wosasamala, amene iwo ankamunyoza zaka zonse, ndipo kumeneko madzi anali ataima m'maenje n'kumalowa m'ming'alu. Kwawo kuno kunalibe zimenezo.

Kenako kumwetulira kuja kunazilala. Maso awo anatsatira madzi kuchokera patsinde pa mtengo mpaka m'ngalande, n'kubwereranso, n'kutsatiranso. Ngalande inali itadzaza, ikuthamangira kumunsi kwa mzinda. Mbawa inali chiimire pakati pa madzi onsewo, ndipo panalibe pomwe dontho limodzi likanalowera pansi.

Mvula itakata, dzuwa linasuzumira, ndipo simenti anayamba kuuma nthawi yomweyo. A Levulo anatsika pakhonde ndi ndodo yawo. Anagwada movutikira pabenchi n'kupapasa pomwe khungwa linagundana ndi simenti. Khungwalo linali litatupa n'kubwera pamwamba pa benchi ngati mlomo wa munthu womenyedwa, ndipo utomoni unkatuluka pamenepo. Anatokosa ndi kamtengo pansi pa chotupacho. Kamtengoko kanatuluka ndi fumbi louma.

Anali atapempha madzi m'mawa uliwonse. Mulungu anatumiza madziwo, ochuluka, osefukira, ndipo amene anawabweza pakhomo anali manja awo omwe, m'masiku amene manjawo anagwira ntchito yabwino koposa.

Analowa m'golosale mawondo ali onyowa.

"Mayi," anatero, "muiimbire foni mbalame ija. Muiuze ibwere Loweruka."

Loweruka m'mawa mkamwini anafika ndi anzake awiri a kuntchito, atabwereka makina ophwanyira simenti, aja amanjenjemeretsa munthu mpaka mano. A Levulo atangowaona anakweza ndodo.

"Chimenecho bwezani m'galimoto. Mukufuna kuchiritsa mtengo kapena kuupera?"

"Nanenso ndikuopa kuwononga mizu, bambo," anatero mkamwini, "koma simenti wanuyu ndi nyundo wamba tigona pano."

"Simugona. Simenti aliyense ali ndi pofewa pake, ndipo wa uyu ndikupadziwa ndine. Bweretsani chingwe ndi choko."

Anamanga chingwe kuthunthu, ndipo mmodzi wa anyamata aja anazungulira nacho akulemba mzere pansi. A Levulo ankafuna bwalo laling'ono. Mkamwini anapempha kuti likule, chifukwa mizu yomwa madzi sikhala patsinde, imakhala kutali, kumene nthambi zimalekezera. Anakokanakokana ngati anthu a pamsika.

"Onjezerani pang'ono, bambo."

"Mukufuna ogula azidumpha ndi ndodo polowa m'golosale?"

"Tisiya kanjira, bambo. Koma mbali iyi onjezerani."

"Mayi, mukumuona mkamwini wanu? Ukam'patsa chala akufuna mkono."

"M'patseni mkonowo," anayankha mayiwo ali pakhomo. "Suja mumati mkonowo sukugwira ntchito?"

Anyamata aja anaphulika kuseka, kenako anadzigwira pakamwa. A Levulo anawayang'ana akazi awo, ndipo nawonso anaseka mpaka kutsokomola. Chingwe chinatalikitsidwa.

Kenako anafotokoza mmene anamangira. Benchi linali la njerwa zopakidwa pulasitala, m'kati mwake munali mphako. Simenti wa pansi anali wochindikala kumbali ya msewu, kumene kunali waya, koma wopyapyala pafupi ndi mtengo. Ndipo popeza anathira masiku awiri, panali msoko kumene ntchito ya tsiku loyamba inakumana ndi ya tsiku lachiwiri. Msokowo unali wosaoneka ndi maso, koma iwo anayenda n'kuika nsonga ya ndodo pamalo pake penipeni.

"Yambirani apa. Mukatsegula apa, zotsalazo muzitukula ndi mgwala, osamenya. Zizichoka zigawozigawo ngati buledi."

Mkamwini anaika tchizulo pamsokowo, anatenga nyundo, koma sanamenye. Anaitembenuza n'kupereka chogwirira kwa apongozi ake.

"Bambo, ine sindingayambe."

A Levulo anaiyang'ana nyundoyo. Kuyambira tsiku limene anagwa anali asanagwirepo chitsulo chilichonse cha ntchito. Anapereka ndodo kwa akazi awo, anagwada, n'kulandira nyundo ndi dzanja lamanzere. Inali yolemera kuposa mmene ankaikumbukirira.

"Gwirani tchizulo bwino," anatero.

"Ndagwira. Koma mukandiphwanya chala, mukamuuze nokha mwana wanu."

Anamenya. Nyundo inatsetsereka, ndipo panangothetheka kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Anapuma, anapemphera mumtima mawu ochepa amene sanamveke kwa wina aliyense, n'kumenyanso. Ulendo uno kunamveka kulira kwina, kogonthera, ndipo mng'alu wopyapyala ngati ulusi unathamanga kutsata msoko uja mpaka patsinde pa benchi.

"Ndi umenewo," anatero. "Pitirizani."

Anawakhazika pampando wapulasitiki pakhonde, ndipo kuchokera pamenepo analamulira ntchito ngati masiku akale. Uyu atukule apa, uyo asapondepo, wilibala ibwere mbali iyi. Njerwa zoyamba za benchi zitagwa, anatembenukira kukhoma kanthawi, ndipo palibe amene anawafunsa chifukwa. Kenako anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi ndi besi yawo ija, motsitsa, ndipo akazi awo anailandira ali m'kati akupimira munthu shuga. Chidendene anawoloka msewu akudandaula kuti phokoso likumuthawitsira makasitomala, koma anavula epuloni n'kugwira wilibala.

Zigawo za simenti zitachoka, onse anaima n'kuyang'ana. Kunja konse kunali konyowa ndi mvula ya masiku amenewo, koma dothi la pansi pa simenti linali lotuwa, louma, lolimba ngati njerwa yowotcha. Pamwamba pake panali timizu tambirimbiri topyapyala, tolukanalukana, titakwera mpaka kugunda simenti pofunafuna polowera madzi. Pathunthu, pomwe benchi linaluma, panali mzere wakuya wozungulira ngati chipsera cha chingwe.

Mkamwini anagwada n'kuutsata mzerewo ndi chala. Kumbali ya msewu khungwa linali lakufa, lofumbutuka. Anapitiriza pang'onopang'ono mpaka kumbali ya golosale, anakanda ndi chikhadabo, n'kuima.

"Bambo, bwerani muone. Apa ndi pamoyo."

Pansi pa khungwa panali pofiirira, ponyowa.

Anafewetsa dothi ndi mafoloko a m'munda, mosamala ngati osambitsa khanda, osalola khasu kufika pafupi. Anathira manyowa, anaphimba ndi masamba ouma ndi tizidutswa ta nthambi, akusiya patsinde penipeni poyera kuti khungwa lipume. Ndowa yoyamba ya madzi anathira akazi a mmisiri. A Levulo anawerama kuti aone. Madziwo anaima pang'ono ngati akukayika, anachita thovu, kenako anayamba kulowa. Ndowa yachiwiri inalowanso, ndi yachitatu yomwe.

Machiritso sanabwere tsiku limodzi. Masabata oyamba mtengo unkaoneka chimodzimodzi, ndipo masiku ena a Levulo ankadzifunsa ngati sanagumule benchi lawo pachabe. Ogula osatsata kanjira ankalowanso ndi matope, ndipo mayi aja ankakolopa akuimba. Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Pamalo pa benchi panali mabokosi a zakumwa ogadabuzidwa, ndipo mmisiri ankakhala pa limodzi mwa iwo, khosi litawawa ndi kuyang'ana m'mwamba.

M'mawa wina Chidendene, amene anali atabweza bokosi lake mosalengeza, analoza ndi singano.

"Madala, maso anga ndi a ulusi, koma icho n'chiyani?"

Panthambi yakumunsi, mbali ya golosale, panali timasamba tatsopano, tofiirira, tofewa ngati khutu la mwana. Sabata yotsatira tinaoneka panthambi ina, kenako pa inanso.

Lole ya khonsolo itabweranso, kapitawo anazungulira mtengo kawiri. Anagwira chipsera chija, anaponda dothi kuti amve kufewa kwake, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. A Levulo anagwira ndodo ndi mphamvu zonse za dzanja lamanzere.

"Mbali ya msewuyi sibwerera," anatero kapitawo. "Tidula nthambi ziwiri izo, ndipo mtengowu ukhala wopendekeka moyo wake wonse. Koma mbali iyi ikufuna kukhala ndi moyo. Sindingagwetse chinthu chimene chikuphukira. Tiziuona chaka ndi chaka."

"Wopendekeka si kanthu, bwana," anatero a Levulo. "Nanenso ndimayendera mbali imodzi."

Mkamwini atatsika mumtengo ndi zingwe zake, sanathamangire m'lole. Anabwera n'kunjuta pafupi ndi apongozi ake, chipewa chili m'manja.

"Bambo, pali pempho. Kuchipatala chaching'ono cha kumtunda uku kuli mitengo itatu pamalo oimika magalimoto, yonse yotsekeredwa ndi simenti mpaka m'khosi. Akuluakulu a kumeneko avomera kuti titsegule, koma ife tikayang'ana simenti timangoona simenti. Sitidziwa poyambira. Kapitawo akuti mwina mungapite nafe mukationetse."

A Levulo anamuyang'ana mkamwini wawo.

"Anamanga ndani?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Ngati anali mmisiri waulesi, mitengoyo ili ndi mwayi. Ngati anali wabwino, tili ndi ntchito." Anadzuka, akutsamira phewa la mkamwini wawo, n'kutembenukira kugolosale. "Mayi! Ndipatseni jekete ndi choko. Ndikupita kuntchito."

Inu amene mwakhala nane mpaka pano, Ambuye akudalitseni. Akupatseni maso oona chimene chikufota pakhomo panu chisanaume, ndi mtima wolimba pa tsiku limene chikondi chidzakupemphani kumasula zimene munamanga ndi manja anu. Mvula yake ikagwa pa inu, ipeze polowera. Akusungeni inu, ana anu ndi onse odutsa pamsewu wanu, lero ndi masiku onse. Ameni.